Nyumba ya Lendi Imene Ndinagula ku Chezi

Chaka chimene ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ndalama za penshoni zinabwera pakamodzi, ndipo zinandipatsa nkhawa kuposa umphawi umene ndinauzolowera. Ndinali nditaphunzitsa ana aang'ono moyo wanga wonse kufupi ndi Mtengowanthenga. Amuna anga anali atatisiya kalekale, ana anga awiri ali m'mabanja mwawo. Uthenga unafika m'mudzi ine ndisanatsike n'komwe minibasi pochokera kubanki. Sabata yomweyo anthu anayamba kuodira pakhomo: uyu feteleza, uyu fizi ya mwana wa ku sekondale, uyu denga likudontha. Onse anali abale anga enieni, ndipo palibe amene ankanama. Ndinaona kuti ndikangozisunga m'manja, dzinja lisanathe zidzakhala zitasungunuka ngati mchere mu ndiwo.

Anzanga amene anatsogola kupuma anali atayesa zambiri. Wina anagula minibasi, inathera kugalaja. Wina anaweta nkhuku, chitopa chinasesa khola lonse. Tsiku lina titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wa kumpingo kwathu anandikokera pansi pa mtengo.

"Aphunzitsi, gulani nyumba ya lendi," anatero. "Nyumba simwa mafuta, sidwala chitopa, ndipo mbale wanu sangabwere kudzaibwereka. Mwezi ukatha mumangovala chitenje chabwino n'kukatenga zanu. Ndamva kuti ku Chezi kuli ina ikugulitsidwa."

Za nyumba sindinkadziwa kalikonse. Alongo anga, amene ndi mmisiri womanga, anali ku Kasungu pa ntchito ya miyezi ingapo. Pafoni anandiuza kuti ndisapereke kanthu kwa munthu aliyense mpaka iwo atabwera kudzaona ndi maso awo. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkafuna kuti kamodzi kokha ndichite chinthu chachikulu popanda mwamuna wondigwira dzanja.

Ndinapita ku Chezi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwini nyumbayo anali bambo wogula ndi kugulitsa chimanga, wolankhula mofatsa ngati mkulu wa mpingo. Anandidikira pamsewu, pamene amayi amayala tomato ndi anyezi, n'kunditsogolera kanjira kotsetsereka kuseri kwa masitolo. Nyumbayo inali mdadada wa makomo atatu, ya njerwa zootcha, malata opanda dzimbiri, khonde la simenti. Khomo lililonse linali ndi pabalaza ndi chipinda chogona chakumbuyo. Makoma anali atangopakidwa laimu, oyera mbee, moti ndinachita kuphimba maso ndi dzanja. Kumbuyo, mapazi ochepa kuchokera pakhoma, kunali chimbudzi ndi bafa, ndipo kuseri kwake kunali mpanda wa udzu wautali kundiposa, watsopano, luzi lake lisanade.

"Kuseriku kuli chiyani?" ndinafunsa.

"Madimba a anthu, mayi. Ndinatchinga chifukwa cha mbuzi."

"Nanga nyumba yabwino chonchi mukuigulitsiranji?"

"Ndikusamukira ku Lilongwe. Nyumba imafuna diso la mwini wake, ndipo ine ndidzakhala kutali. Koma musachedwe kuganiza, mawa kukubwera munthu wina wa ku Mponela kudzaiona."

Pakhonde la nyumba yoyandikana nayo panali mayi wachikulire akusenda mtedza. Ndinawapatsa moni. Anayankha bwinobwino, kenako anati, "Mwabwera kudzaona nyumba? Mwezi wabwino woonera nyumba uno." Ananena osakweza mutu. Ine ndinayesa akundiyamikira, ndipo ndinathokoza.

Patapita masiku atatu tinalemberana kalata pamaso pa anyakwawa ndi mboni ziwiri. Mboni zonsezo zinali anzake a mwini nyumbayo a kumsika. Palibe amene ankakhala kumtunda kapena kumunsi kwa malowo. Izi ndinaziganizira pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinangobwerera kwathu nditamanga makiyi atatu pa mfundo ya chitenje, ndikuwagwiragwira mu minibasi ngati mwana amene wapatsidwa switi.

Anthu a lendi sanavute kupeza. Khomo la kumunsi analowa telala wina wachinyamata ndi mkazi wake woyembekezera. Makina ake osokera anawaika pakhonde, ndipo nthawi yotsegulira sukulu mayunifomu ankalendewera pa chingwe mpaka kumapeto kwa khonde. Khomo lapakati analowa mayi wamasiye, wa msinkhu wanga, wokazinga mandasi ogulitsa pamsewu. Khomo la kumtunda anatenga bambo wina wosungiramo matumba a soya, amene sankagonamo ndipo sindinkamuona kawirikawiri.

Ndivomere kuti miyezi yoyamba ija ndinasangalala. Ndikatulukira pa kanjira, telala ankaimitsa makina n'kunena kuti, "Alandilodi afika, tengani mpando." Mayi wa mandasi ankandikulungira awiri otentha m'pepala, akukana kuti ndilipire. Moyo wanga wonse ndinakhala m'nyumba za sukulu, ndikupempha chilolezo ngakhale chokhoma msomali. Tsopano ndinali ndi makomo atatu, ndipo anthu ankandiimirira.

Mvula itayamba, telala anandiuza kuti chitseko chake chikuvuta kutseka. Ndinati ndi thabwa lafufuma ndi chinyezi, achipale pang'ono. Anachipala. Mwezi wotsatira anati chayambanso, ndipo pano chikukhula pansi mbali imodzi yokha. Kenako anandiitanira m'nyumba.

"Amayi, taonani ichi."

Anaika kabobini ka ulusi pa simenti pakati pa balaza, n'kuchotsa dzanja. Kanaima pang'ono, kenako kanayamba kugubuduka kokha, pang'onopang'ono, kudutsa pakhomo la kuchipinda, mpaka kukagunda khoma lakumbuyo. Mkazi wake, amene n'kuti atabereka mwana wamkazi, anaseka. Telala sanaseke. Anandilozera pakona ya chipinda. Panali mng'alu woonda ngati ulusi wakuda, wochokera pansi kukwera mpaka pazenera.

"Ndi pulasitala chabe," ndinatero, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikunena.

Chakumapeto kwa Januwale mayi wa mandasi anandiimbira foni m'mawa. Anati ndibwere, chimbudzi chapita. Ndinayesa akunena kuti chadzaza kapena denga lake lauluka. Nditafika ndinapeza kuti chapitadi. Pamene chinali panali potseguka, theka la mpanda wa udzu likulendewera m'malere, nsanamira zake zili pamtunda popanda dothi lozigwira. Ndinayandikira ndikugwira khoma la bafa, n'kusuzumira.

Kunalibe dimba lililonse. Kunali chigwembe chakuya koti nyumba yonse ikanalowamo denga osaoneka. Makoma ake anali a dothi lofiira, osongoka, onyowa, mizu ya mitengo yakale ikutuluka m'mbali. Pansi madzi a matope ankayenda mwakachetechete, ndipo njerwa za chimbudzi changa zinali mbwee m'menemo. Ndili chiimire, chibuma china chinagamuka tsidya linalo n'kugwera m'madzi. Sichinachite phokoso lalikulu. Chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri.

Mayi wachikulire woyandikana nafe uja anabwera n'kuima pambali panga, atapinda manja kumbuyo.

"Pamene mukuona madzi akukhota paja panali khitchini yanga," anatero. "Apo panali mtengo wa mango, ana anga anakulira pamthunzi pake. Poyamba kanali kangalande koti nkhuku n'kudumpha. Anthu atameta phirili ndi makala, madzi onse akumtunda anapeza njira yake kuno. Chaka chilichonse chimadya mapazi angapo. Chikakhuta chimagona chilimwe chonse."

"Mwini wake uja ankadziwa?"

"Chilimwe chilichonse ankamata ndi kupaka laimu. Mpanda ankausuntha."

"Nanga bwanji simunandiuze, mayi?"

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba. "Munandifunsa? Komanso mwini wake anali chilili pambali panu. Njala ikavuta, tonse kuno timakagwada kwa iye yemweyo."

Nambala ya bambo wa chimanga uja inali itasiya kupezeka. Kumsika anzake anati anasamukadi, koma kumene akukhala sakudziwa. Kwa anyakwawa anandiwerengera kalata yanga yomwe: ndinagula nyumba ndi malo, ndipo zonse ziwiri zinalipo. Ndinakumbitsa chimbudzi china kutsogolo, ndipo mvula itatha nyumba inali chiimire. Wa soya uja anachotsa matumba ake osatsanzika. Enawo anakhalabe, chifukwa pamalopo panali pafupi ndi msewu ndi makasitomala awo.

Alongo anga anabwera mu Juni. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anazungulira nyumba kawiri, akugogoda khoma ndi hamala n'kumamvetsera. Anakumba pang'ono m'mbali mwa maziko akumbuyo, anagona chafufumimba, n'kulowetsa mkono. Unalowa wonse mpaka paphewa. Anadzuka, n'kudzisasa dothi kwa nthawi yaitali.

"Achemwali, pansi apa palibe kanthu. Madzi akudutsa kunsi kwa maziko. Khoma ili laima pa chizolowezi chabe."

"Sitingaikemo simenti? Miyala? Matumba a mchenga?"

"Tikhoza kuika matumba, tidzale nsungwi ndi vetiva. Zidzathandiza a kumtunda zaka zikubwerazo. Koma osati khoma ili. Chotsani anthu mvula isanabwere. Tichotse malata, zitseko ndi mafelemu, mupulumutseko kanthu."

"Ndiye ine ndidzatsala ndi chiyani? Zaka zonse zija ndinaima pa bolodi zikhale mulu wa malata?"

Anayamba kubweza zida m'chikwama.

"Ingomatani mng'aluwo," ndinatero. "Muumate bwino, usaoneke."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Usaoneke kwa yani?"

Ndinatembenukira kukhoma.

"Dzanja langa silimata chinthu choti chidzagwere anthu," anatero. Ananyamula chikwama chawo cha zida n'kukwera kanjira kupita kumsewu. Mayi wa mandasi anali atatiphikira tiyi. Alongo anga sanamwe.

Zimene ndinachita pambuyo pake sindinauzepo ana anga kwa nthawi yaitali. Ndinapeza mmisiri wina wa kutali, wosafunsa mafunso. Anamata mng'alu mkati ndi kunja, anathira simenti yatsopano pansi m'chipinda cha telala kuti pafanane. Ndinagula laimu. Ndinagula udzu ndi nsanamira, n'kumangitsa mpanda watsopano, pafupi kwambiri ndi khoma kuposa woyamba uja, chifukwa malo a woyambawo kunalibenso. Ntchito itatha telala anandifunsa ngati tsopano zili bwino.

"Amisiri alimbitsa maziko," ndinamuuza. "Gonani mtima uli m'malo."

Anathokoza ndi manja awiri. Mkazi wake anati ndine landilodi wosamala, ena sakonzetsa n'komwe.

Ndinalengeza mwa anzanga kuti nyumba ikugulitsidwa. Mu Okutobala kunabwera ahedi ena a sukulu ya cha ku Chisepo, amene ankayembekeza kupuma. Anali bambo wamtali, wa imvi, atanyamula ambulera yotchingira dzuwa, akazi awo akuwatsata pambuyo ndi thumba la madzi akumwa. Anandilemekeza ngati mnzawo wa ntchito. Tinakambirana za makalasi odzaza, za choko, za mawondo amene amayamba kupweteka munthu akaima zaka zambiri. Akazi awo anasisita khoma loyeralo n'kunena kuti ndi laudongo. Titafika kumbuyo, ahediwo analoza mpanda ndi ambulera.

"Kuseriku kuli chiyani, aphunzitsi?"

Ndinali nditakonzeka kunena zina, zoti pali kamtsinje, zoti dothi limakokoloka pang'ono. Koma chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chosavuta kwambiri.

"Madimba a anthu. Ndinatchinga chifukwa cha mbuzi."

Anagwedeza mutu, osakayika chilichonse. Anati ndalama zawo zituluka cha mu Febuluwale, ndiwasungire. Anakondanso kuti m'nyumbamo muli kale anthu, sadzavutika kusaka. Powaperekeza tinadutsa pakhonde la mayi wachikulire uja. Ndinawapatsa moni. Anayankha alendowo, ine sanandiyankhe.

Choncho ndinafunika kuti nyumba iime mpaka Febuluwale, ndiponso kuti anthu akhalemo. Ndinadziuza kuti inapirira dzinja lathalo, ipiriranso lino. Ndinadziuza kuti alongo anga amakonda kukuza zinthu. Ndinadziuza kuti ahediwo ali ndi ana ophunzira, adzapeza njira. Mwezi ukatha ndinasiya kupita ndekha, ndinkawauza kuti atumize lendi pafoni.

Disembala inadutsa ndi mvula yapatalipatali. Mu Januwale kunagwa mvumbi. Sinali mvula ya mabingu, inali yaing'ono yosalekeza, kucha n'kuda, kucha n'kuda, mapiri osaoneka. Zovala sizinkauma, machesi ankakana kuyaka. Tsiku loyamba ndinakhala ndikusoka. Tsiku lachiwiri ndinasesa m'nyumba kawiri. Tsiku lachitatu linali Lamulungu, ndipo m'tchalitchi nyimbo imene ndaidziwa kuyambira ndili mwana inandikanika. Ndinkangoyang'ana khoma la tchalitchi ndikusaka ming'alu. Foni ikalira ndinkaithamangira, koma sanali a ku Chezi. Kusaimba kwawoko kunkandiopsa kuposa kuimba.

Tsiku lachinayi ndinavala jasi ya amuna anga n'kukwera minibasi.

Kanjira kotsetsereka kanali katasanduka mtsinje. Ndinatsika chammbali, nsapato zili m'manja. Telala anali pakhonde, makina akulira, chifukwa sukulu zinali zitangotsegulira. Ndinangomupatsa moni n'kuzungulira kumbuyo. Mpanda wanga watsopano kunalibe. Bafa kunalibe. Kuchokera pakhoma la telala kufika paphompho panali potalika ngati mphasa imodzi, ndipo dothi la pamenepo linali litang'ambika mizeremizere. Madzi ofiira ankatuluka kunsi kwa maziko ngati kasupe.

Ndinalowa m'nyumba osaodira. M'chipinda mng'alu unali utabwerera pamalo pake penipeni, koma tsopano woti dzanja n'kulowa. Telala anali atautseka ndi tinsalu totsala posoka, tofiira, tobiriwira, ta yunifomu, kuti mphepo isalowe. Pansi pake, motsamira khoma lomwelo, mwana anali m'tulo pamphasa, atafunditsidwa chitenje, timanja tili m'mwamba. Mayi ake ankapinda zovala pambali.

Ndinamunyamula mwanayo. Anadzuka n'kuyamba kulira.

"Amayi, kwagwanji?" anafunsa mkaziyo.

"Tulukani. Tulutsani zonse, pompano."

Telala analowa, tepi ili m'khosi. "Tituluke mvula ino? Tipite kuti? Ndili ndi mayunifomu a anthu, akufunika mawa. Paja munati amisiri analimbitsa maziko."

"Sanalimbitse."

"Mwati bwanji?"

"Anangomata pamwamba. Pansi pa khomali palibe dothi. Alongo anga anandiuza mu Juni kuti ndikuchotseni."

Makina anali atasiya kulira, mvula yokha ndiyo inkamveka pa malata. Mkaziyo anabwera n'kundilanda mwana m'manja, osati mwaukali, koma mwamphamvu. Telala anavula tepi, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba la malaya.

"Mu Juni," anatero. 

Mayi wachikulire uja anali ndi chigafa cha fodya chakale kumtunda kwa nyumba yake. Atamva phokoso anatuluka, anaona, n'kukachotsa mbuzi zake m'chigafamo popanda wowapempha. Tinasamutsa katundu mvula ikutinyowetsa. Telala ndi anthu awiri a pamsewu ananyamula makina, ine ndinasenza mtolo wa mayunifomu. Mayi wa mandasi anakana poyamba. Anati khomo lake ndi lapakati, mng'alu uli kwa telala. Ndinamugwadira m'matope, ndipo anavomera chifukwa cha manyazi okha. Anatenga zofunda ndi chiwaya, ufa ndi mafuta anasiya mkati, akuti m'chigafa zinyowa.

Mawa lake mvumbi unatha. Dzuwa linatuluka, mapiri anaoneka, ndipo nyumba inali chiimire, yoyera mbee. Linadutsa tsiku, awiri, sabata. Ndinkapita tsiku lililonse, ndikusaka nyumba zina zoti anthuwo alowe, koma nthawi ya dzinja malo apafupi ndi msewu sapezeka. M'chigafa munali nthata ndi fungo la mbuzi. Mwana anayamba chifuwa. Anthu a pamsika ankanena kuti landilodi wa kumunsi wasokonezeka mutu, wathamangitsa anthu m'nyumba yabwinobwino. Ndinafika pomalakalaka kuti igwe msanga, kuti ndisaoneke wamisala. Ndikuchita manyazi kulemba zimenezi, koma ndi mmene zinalili.

Mayi wa mandasi anayamba kubwereramo masana. Ankati akungokanda ufa, chifukwa m'chigafa mulibe malo aukhondo, ndipo akamaliza amatuluka. Ndinamuletsa kawiri. Ndikanatha kukhoma chitseko n'kutenga kiyi. Ndinaganizapo, koma ndinaona kuti ndamuvutitsa kale mokwanira.

Nyumba inagwa tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo. Ndinali pamsewu ndikulankhula ndi mwini sitolo wina za chipinda cha kuseri kwake. Tinamva ngati galimoto ikutsitsa miyala, kenako kulira kwa malata akung'ambika, kenako mfuu ya amayi. Ndinathamanga mmene sindinathamangirepo chichokere utsikana.

Chipinda cha telala kunalibe. Khoma lakumbuyo ndi la m'mbali zinali zitatsetserekera m'chigwembe, ndipo popita zinakoka denga la nyumba yonse. Pamene mwana ankagona paja panali mpweya wokha. Fumbi lofiira ndi la laimu linali likadali m'mwamba. Khomo lapakati linali lotseguka, ndipo mkati munkamveka kubuula.

Telala ndiye analowa. Anthu ankamukuwira kuti asalowe, khoma lotsalalo likugwedera, koma anakwawa pansi pa malata n'kutuluka akumukoka mayi wa mandasi chafutambuyo. Mtanda wa denga unali utamugwera paphewa ali chiweramire pa beseni. Manja ake anali oyera ndi ufa mpaka m'zigongono. Tinamukweza galimoto ya munthu wina wachifundo kupita kuchipatala ku Mtengowanthenga, mutu wake uli pamiyendo panga. Njira yonse ankangofunsa ngati wina waphimba ufa wake.

Anakhala m'chipatala masabata atatu, ine ndikumudikirira, chifukwa mwana wake yekhayo anali kutali. Anachira, koma dzanja lamanja silinabwererenso. Limakwera mpaka pachifuwa basi. Kukanda ufa sangathe.

Ahedi a ku Chisepo anaimba foni mu Febuluwale monga analonjezera, mawu ali osangalala, akuti zinthu zatheka. Ndinawauza kuti nyumba inagwa. Anayamba kundipepesa, akuti ndi tsoka, Mulungu andilimbitse mtima. Ndikanatha kusiyira pomwepo. Koma ndinawauza kuti kuseri kwa mpanda kuja kunalibe madimba, ndipo ine ndinkadziwa. 

"Zaka zonsezi ndikuphunzitsa ana," anatero pomaliza, "sindinaganizepo zosuzumira kuseri kwa mpanda wa mphunzitsi mnzanga."

Alongo anga anabwera osaitanidwa, ndi hamala ndi chitsulo chozulira misomali. Anapulumutsa malata ochepa, zitseko ziwiri ndi felemu imodzi. Tinagwira ntchito tsiku lonse osatchula za mu Juni. Malatawo ndinapatsa mayi wachikulire uja kuti afolere chigafa, popeza nyumba yake ndiyo yatsala kutsogolo kwa chigwembe, ndipo iye akudziwa kuti tsiku lina adzasamukira m'chigafamo. Telala anasamukira ku Mponela. Ndinakumana naye kamodzi pamsika. Anandipatsa moni waulemu wonse, anati mwana akuyenda tsopano, koma manja ake anali m'thumba mpaka tinasiyana.

Mayi wa mandasi anabwerera kumudzi kwawo, kumapiri a ku Ntchisi. Ndimapitako nthawi yokolola ndi nthawi ya njala, ndi kathumba ka chimanga kapena sopo. Ulendo woyamba ndinamupeza akuyesa kutsuka mbale ndi dzanja limodzi, ataipanikiza ndi mawondo. Anandiyalira mphasa. Tinakambirana za mvula, za mitengo ya mafuta ophikira, za mwana wake. Kenako anandifunsa, ngati akufunsa za munthu wina.

"Aphunzitsi, anthu amati munkadziwa. Munadziwa liti?"

"Tsiku lija chimbudzi chinagwa ndinaona. Mu Juni ndinauzidwa."

"Ndiye mandasi onse aja ndinkakukulungirani, munkadziwa."

"Eya."

 Nkhuku inabwera kudzajompha m'mbale, anaiingitsa ndi phazi.

"Chabwino," anatero. "Tandithandizani kumanga duku ili, lakhala likundigwa kuyambira m'mawa."

Ndinagwada kumbuyo kwake n'kumumanga.